Pimani Kompuleshoni Musanaphwasule Injini ya Njinga Yamoto

Njinga yamoto ikayamba kuvuta kulira m'mawa, kufooka pamtunda, kapena kiki yake ikamatsika mopepuka ngati palibe chomwe mukuponda, ambiri amathamangira kukagula pisitoni ndi maling'i. Nthawi zina ndalamazo zimangotayika, chifukwa vuto limakhala laling'ono. Chomwe chingakuuzeni zoona ndi kompuleshoni, kutanthauza mphamvu imene pisitoni imapanikizira mpweya ndi petulo musilinda pulagi isanayatse moto. Mpweyawo ukamathawa, injini imafooka ngakhale kabureta ndi pulagi zikhale zatsopano.

Mufunika geji yopimira kompuleshoni, sipanala ya pulagi ndi oyilo pang'ono. Pogula kapena pobwereka gejiyo, onetsetsani kuti mazinga ake akufanana ndi a pulagi yanu. Njinga zambiri za 125cc ndi 150cc zimene akabaza amayendera zili ndi pulagi ya mamilimita 12, pomwe zing'onozing'ono za 110cc zimakonda kukhala ndi ya mamilimita 10.

Lizani injini kwa mphindi zisanu kuti itenthe, kenaka izimitseni, ikani njinga pasitandi ndipo giya ikhale pa nyutulo. Pukutani fumbi lozungulira pulagi musanaimasule, chifukwa mchenga ukagwera m'bowomo ukakanda silinda. Mukaichotsa, ibwezereni m'chipewa chake n'kuigunditsa kuchitsulo cha injini, kutali ndi bowolo, kuti magetsi akhale ndi kopita. Kupanda kutero mutha kuwononga CDI kapena koilo. Tsekani mpopi wa petulo. Geji imangidwe m'bowo la pulagi ndi dzanja basi. Mutu wa injini ndi wa aluminiyamu, ndipo mazinga ake sachedwa kudyeka munthu akaumiriza ndi sipanala.

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa. Choko ikhale yosakoka, ndipo dzanja lamanja lipotokole moto mpaka kumapeto, osalekerera. Mukapima moto uli wotseka, injini siyamwa mpweya wokwanira, geji ionetsa nambala yotsika, ndipo mudandaula ndi injini yabwinobwino. Tsopano pondani kiki mwamphamvu kasanu kapena kupitirira, kufikira muvi wa geji utasiya kukwera. Ngati mukugwiritsa ntchito sitata, batire ikhale yodzaza. Lembani nambalayo, tulutsani mpweya mugeji, ndipo bwerezani kuti mutsimikize.

Nambala yoyenera imalembedwa m'buku la njinga yanu, ndipo bukulo ndilo loyamba kulikhulupirira. Injini zambiri zing'onozing'ono za four-stroke zikakhala bwino zimaonetsa pakati pa 125 ndi 180 psi. Ikatsika pansi pa 100 psi, pali chovuta. Ngati geji yanu ikuwerenga ma bar, bar imodzi ndi 14.5 psi. Musadabwe nambala ikatsika pang'ono kumalo okwera. Lilongwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepukirapo, choncho njinga yomweyo idzaonetsa nambala yaikulupo ku Nsanje. Palinso njinga zina zokhala ndi kachipangizo kochepetsa kompuleshoni poliza kuti kiki isalimbe. Zimenezi zimaonetsa nambala yotsika ngakhale zili zamoyo.

Nambala ikatsikadi, thirani oyilo wa injini wodzaza kasupuni kamodzi ka tiyi, pafupifupi mamililita 5, m'bowo la pulagi. Pondani kiki kawiri kuti oyiloyo afalikire, mangani geji n'kupimanso. Muvi ukakwera kwambiri, ndiye kuti oyilo watseka kwa kanthawi mipata ya maling'i otha kapena silinda yodyeka, makamaka ngati njingayo imatulutsa utsi wabuluu ndi kumwa oyilo. Muvi ukakhala pomwe unali, mpweya ukuthawira pamwamba, pa mavalavu kapena pa gasiketi.

Ngakhale apa musafulumire kumasula mutu wa injini. Valavu ikasowa mpata siitseka bwino, ndipo mpweya umadutsa. Dikirani injini izizireretu, pimani mpatawo ndi fila geji, ndipo ukonzeni molingana ndi buku. Panjinga zambiri zoterezi umakhala pakati pa mamilimita 0.05 ndi 0.10. Ntchitoyi siifuna kugula chitsulo chilichonse, ndipo makaniko wodziwa amaimaliza pasanathe ola. Nambala yokwera kupyola ya m'buku nayonso si yosangalalira, kawirikawiri imasonyeza kuti mwaye waunjikana pamwamba pa pisitoni.

Ena amatseka bowo la pulagi ndi chala chachikulu n'kuponda kiki. Chala chikakankhidwa, mwangodziwa kuti mpweya ulipo, koma 90 psi ndi 160 psi zonse zimakankha chala. Ngati geji yakukulirani mtengo, sonkherani ndi anzanu a pasiteji mugule imodzi, ndipo aliyense azilemba nambala ya njinga yake ikadali yamphamvu kuti adzakhale ndi poyerekezera.