Mwana wanga watengeka ndi zogwetsana

FUNSO: Mnyamata wanga wa zaka 11 amangokhalira kuonera masewera ogwetsana a WWE m'mavidiyo a pa Chitakale. Akafika pakhomo amanyamula azing'ono ake n'kuwagwetsa pansi. Ndimuletse kapena ndimulimbikitse?
Mayi wa ku Mulanje

YANKHO: Mayi, muuzeni zoona: za WWE ndi sewero. Wopambana amakhala atasankhidwa kale, ndipo anthu aja amaphunzira kagwedwe kwa zaka zambiri, komabe ena amathyoka. Nanga khosi la mwana pabwalo louma? Zonyamula azing'ono akezo zithe lero lomwe.

Koma chidwi chakecho musachiphe. Kugwetsana kwa ku Olimpiki kulibe nkhonya. Amalimbana pa matiresi, ndipo amapikisana olingana kulemera. Ku Senegal amagwetsana pamchenga, akatswiri ake n'kumatchuka ngati osewera mpira.

Pitani kwa mkulu woona zamasewera ku boma, mukafunse ngati pali mphunzitsi wa zogwetsana kapena judo. Mukamupeza, muzikaonerera nokha nthawi zina. Mphunzitsi wouza mwana kuti azidzimana chakudya kuti apepuke, musiyane naye. Mwana akagwa n'kuyamba kusanza, kumva chizungulire kapena kudandaula mutu, thamangirani naye kuchipatala.