Zoyenera ndi Zosayenera Pozindikira Tinkhono ta Scallop ta M'nyanja Yakuya

Chizindikiro cha kampani ya mafuta ya Shell ndi chigoba cha scallop, nkhono ya m'nyanja ya mchere yokhala ndi zigoba ziwiri. Abale ake okhala pansi penipeni pa nyanja ndi ena ndithu: ambiri safika ngakhale masentimita awiri, ndipo zigoba zawo n'zopyapyala moti kuwala kumadutsa. Ochuluka ali m'banja la Propeamussiidae. Amabwera m'khoka atasakanikirana ndi matope, ena atasweka kale, ndipo ukawayang'ana mongodutsa onse amaoneka amodzi. Amene akufuna kutchula dzina lolondola ayenera kuyamba wasunga umboni, dzina libwere pambuyo.

1. Kulemba kumene kachigoba kachokera

Zoyenera: Lembani malo, kuya kwa madzi, tsiku ndi chida chimene chavuula kachigobako, ndipo kapepalako kalowe m'botolo momwemo. Akatswiri a Muséum national d'Histoire naturelle ya ku Paris atayenda panyanja ya kufupi ndi Mozambique mu 2009, pa ulendo wotchedwa MAINBAZA, khoka lililonse linali ndi nambala yake. Nambala imeneyo ndi imene imauza wofufuza wa zaka zam'tsogolo kuti mtundu wakutiwakuti umakhala pa kuya kotani.

Zosayenera: Musaphatikize zigoba za makoka awiri chifukwa choti zikufanana. Musalembenso ndi bolopeni, pakuti inki yake imasungunuka mu ethanol. Pensulo ndiye sifufutika.

2. Kusunga

Zoyenera: Ngati nyama ili momwemo, iikeni mu ethanol wamphamvu, wa 95 peresenti kapena kuposerapo, kuti DNA isaonongeke. Jambulani chithunzi kachigoba kasanaume.

Zosayenera: Musagwiritse ntchito formalin ngati mudzafuna kuyeza DNA, chifukwa amaiononga, ndipo akakhala ndi asidi amadya chigoba chopyapyalacho. Musakwechenso kachigoba ndi bulashi yolimba. Timizere timene mungachotse poyeretsa ndi tomwe tikanakuuzani dzina.

3. Chigoba chakumanja ndi chakumanzere

Zoyenera: Yambani mwadziwa kuti mwagwira chigoba chiti. Scallop amagonera chigoba chakumanja. Pamwamba, pamene zigoba zimalumikizana, pali timakutu tiwiri, ndipo pansi pa khutu lakutsogolo la chigoba chakumanja kawirikawiri pamakhala kampata kotulukira ulusi umene nyamayi imadzimangirira nawo pa zinthu. Onani zigoba zonse ziwiri pa maikulosikopu, kunja ndi mkati momwe.

Zosayenera: Musatchule dzina mutangoona chigoba chimodzi. M'banja la Propeamussiidae, zigoba ziwiri za nyama imodzi zimasiyana kwambiri: chakumanzere chikhoza kukhala ndi mizere yochokera kunsonga kupita m'mphepete, kapena yopingasana, pamene chakumanja chili ndi mizere yozungulira yokha. Zikalekana m'matope, n'zosavuta kuziyesa mitundu iwiri. Komanso m'mphepete mwa chigoba chakumanja ndi mofewa, mumapindika nyama ikatseka zigoba, ndipo mumathothoka chikauma. Choncho musadabwe chikaoneka chaching'ono kuposa chinzake, ndipo musalembe kuchepako ngati chizindikiro cha mtundu.

4. Kupeza banja

Zoyenera: Yang'anitsitsani m'mphepete mwa kampata ka ulusi kaja. Mukaonamo timano ting'onoting'ono tondondozana, totchedwa ctenolium, ndiye kuti muli ndi nkhono ya m'banja la Pectinidae, momwe mulinso ma scallop odyedwa. Thomas Waller wa ku Smithsonian Institution ndi amene anatsindika kuti timano timeneti ndi chizindikiro chachikulu cha banjalo. A Propeamussiidae alibe timanoti, ndipo kunja kwa chigoba chawo chakumanja kumakutidwa ndi tizigawo ta calcite tooneka ngati timabokosi tothithikana.

Zosayenera: Musagamule banja potengera kupyapyala kokha. Delectopecten vitreus ndi wamng'ono, woonekera mkati, ndipo amakhala m'madzi akuya, koma ali ndi ctenolium, motero ndi wa Pectinidae. Musaiwalenso kuti mu 2012 Henk Dijkstra ndi Philippe Maestrati anapatula tinkhono tina tating'ono kwambiri n'kutiika m'banja latsopano la Cyclochlamydidae. Buku lolembedwa chaka chimenecho chisanafike silingakuuzeni zimenezi.

5. Nthiti zamkati

Zoyenera: Tembenuzani chigoba muone ngati mkati muli tinthiti toyera tochokera chakunsonga. M'banja la Propeamussiidae, magulu a Propeamussium ndi Parvamussium amakhala nato, pamene a Cyclopecten nthawi zambiri alibe. Pakati pa awiri oyambawo, Parvamussium amakhala wocheperapo ndipo kampata kake ka ulusi kamaoneka bwino ngakhale atakula. Werengani tinthitito, muonenso pamene tayambira ndi pamene tathera.

Zosayenera: Musadalire chiwerengero cha nthiti pachokha, chifukwa chimasinthasintha pakati pa nkhono za mtundu umodzi. Musayerekeze kamwana ndi nkhono yaikulu, pakuti mwa tiana nthiti zimakhala zisanakhwime kapena zisanayambe n'komwe.

6. Kulemba dzina

Zoyenera: Tsimikizani dzina pa World Register of Marine Species, kaundula wa pa intaneti wosungidwa ku Ostend m'dziko la Belgium, ndipo lembani dzina la amene anafotokoza mtunduwo pamodzi ndi chaka. Tengani chitsanzo cha Parvamussium fenestratum (Forbes, 1844). Edward Forbes anautchula kuti Pecten fenestratus atauvuula m'nyanja ya Aegean ali pa sitima ya HMS Beacon. Dzina lake lili m'mabulaketi posonyeza kuti mtunduwo unasamutsidwa kuchoka m'gulu limene iye anauika.

Zosayenera: Musakopere dzina la m'buku lakale osalifufuza. Ngakhale akatswiri amalakwitsa: Forbes yemweyo ankakhulupirira kuti kupitirira mamita pafupifupi 550 kulibe chamoyo m'nyanja. Ulendo wa HMS Challenger wa 1872 mpaka 1876 unasonyeza kuti si zoona, ndipo lero tinkhono ta m'banja la Propeamussiidae timadziwika pa kuya koposa mamita 3,000.

7. Mukaganiza kuti mwapeza mtundu watsopano

Zoyenera: Yerekezani kachigoba kanu ndi chitsanzo chenicheni chimene dzina la mtundu wofanana nawo linamangidwapo, chotchedwa holotype, kapena ndi zithunzi zake zomveka bwino. Ngati mtunduwo ndi watsopanodi, malamulo a International Code of Zoological Nomenclature amafuna kuti mufotokoze zimene zikuusiyanitsa ndi ina, ndipo kuyambira 2000 amafunanso kuti mutchule poyera chitsanzo chanu. Chisungeni kumiyuziyamu kumene ofufuza ena angachione.

Zosayenera: Musathamangire kupereka dzina pa chigoba chimodzi chokhukhuluzika, ndipo musaganize kuti zotsatira za DNA zimatha nkhani popanda kuona chigoba, chifukwa mitundu yambiri ya m'nyanja yakuya imadziwika ndi zigoba zouma zokha, yopanda DNA yoyerekezera nayo. Ngati umboni wakufikitsani pa gulu basi, lembani dzina la gululo, monga Parvamussium sp., n'kulekera pomwepo. Dzina lolakwika likasindikizidwa limakopedwa m'mabuku ena, ndipo kulichotsa kumatenga zaka.