Mahedifoni a nyimbo sateteza makutu kwa mfuti

Kwa onse owombera mfuti pa masewera, alenje, alonda, ndi a m'banja mwawo.

Pali mphekesera yomwe yafika mpaka m'zipinda zoyezera makutu, yoti mahedifoni a foni, aja olembedwa noise cancelling, ndi okwanira kuteteza makutu powombera. Limeneli ndi bodza. Mahedifoni omvera nyimbo sateteza makutu kwa mfuti, kaya ndi odula chotani, kaya anachokera ku Johannesburg kapena ku London.

Mahedifoni amenewa anapangidwa kuti azichepetsa phokoso lopitirira, monga la injini ya ndege kapena ya basi. Mfuti imalira kamodzi, mwadzidzidzi, ndipo mahedifoniwo sangathe kuletsa mphamvu yake. Kamfuti kakang'ono ka .22 kamafika pa madesibelo (muyeso wa kukula kwa phokoso) pafupifupi 140, ndipo mfuti zikuluzikulu zimapitirira 160. Pa 140, kuwombera kamodzi kokha kutha kuvulaza khutu. Taganizani kuti malo a ntchito amayamba kuonedwa ngati oopsa pa madesibelo 85 okha, munthu akakhalamo maola 8.

Ena amati, "Koma sisita, ndikawavala phokoso limachepa ndithu." Inde, la anthu olankhula ndi la galimoto limachepa. La mfuti limalowa. Kumva ngati kwachita zii sikutanthauza kuti khutu latetezedwa. Tanena kale ndipo tikubwereza: musawombere mutavala mahedifoni a nyimbo.

Mkati mwa khutu muli timaselo tokhala ndi tiubweya, tomwe timatumiza mawu ku ubongo. Tikafa sitimeranso, ndipo palibe jakisoni kapena mapiritsi otidzutsa. Munthu amabwera akudandaula kuti m'khutu mukulira ngati nyenje usana ndi usiku, kapena kuti anthu akalankhula pagulu amamva mawu koma osagwira chomwe chanenedwa. Wowombera ndi dzanja lamanja nthawi zambiri amayamba kugontha khutu lamanzere, chifukwa ndilo limayang'ana kukamwa kwa mfuti pomwe lamanja latchingidwa ndi mutu. Pofika kwa ife oyeza makutu amakhala atachedwa. Ndipo akati "makutu anga anazolowera", dziwani kuti sanazolowere, ayamba kugontha.

Chofunika kugula ndi zovundikira makutu zopangidwira owombera. Zamagetsi zimakhala ndi maikolofoni kunja. Mawu apansipansi, monga malangizo a woyang'anira malo owomberera, zimawalowetsa ndi kuwakweza pang'ono, koma phokoso likakwera zimalidula, zambiri pa madesibelo pafupifupi 82. Choteteza chenicheni ndi chivundikiro cholimba chija ndi thovu lake la mkati. Mabatire akatha simumvanso bwino anzanu, koma makutu amakhalabe otetezedwa.

Pogula, tembenuzani bokosi. Pazikhala nambala ya NRR, yomwe ndi muyeso wa ku America, kapena ya SNR, ya ku Ulaya, pamodzi ndi chizindikiro cha EN 352. Nambala ikakhala yaikulu, chitetezo chimakhalanso chachikulu. Zamagetsi zopyapyala zambiri zili ndi NRR ya 22 kapena 23, ndipo izi pazokha sizikwanira pa mfuti zikuluzikulu kapena powombera m'nyumba momwe phokoso limabwerera kuchokera kumakoma. Pamenepo lowetsani kaye zotsekera za thovu m'makutu, kenako vundikirani ndi zamagetsizo n'kukweza mawu. Kuphatikiza kotere kumawonjezera madesibelo pafupifupi 5. Ngati bokosi lilibe nambala ina iliyonse, lisiyeni pomwepo, ngakhale wogulitsa alumbire. Mahedifoni wamba a nyimbo alibe nambala imeneyi chifukwa sanapangidwire ntchito imeneyi.

Muziyese musanalipire, mutavala magalasi omwe mumawomberera. Timiyendo ta magalasi, chipewa kapena tsitsi zikasiya mpata, phokoso limadutsira pomwepo. Onaninso kuti chivundikiro sichikutukuka mukatsamiza tsaya pa mfuti. Mapilo ake akauma kapena kung'aluka, asintheni. Kutseka makutu ndi thonje kapena pepala sikuthandiza.

Oonerera ndi ana oima pafupi avalenso zotetezera zowakwana.

Ngati mwawombera ndipo khutu latseka, likulira, likupweteka kapena likutuluka magazi, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musathiremo mafuta, madzi kapena mankhwala a zitsamba. Makutu amayezedwa ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe, ndipo achipatala cha kwanu atha kukutumizani.

Amayi, abambo, ngati wina m'nyumba mwanu akunyamula mfuti ndi mahedifoni a foni, mulandeni mahedifoniwo ndipo mumuwerengere kapepala aka asanatuluke.