Ana anga, mbaula igone panja

Ana anga, inu amene mwangolowa m'banja kapena mwapeza kanyumba ka lendi pa Dedza boma, ku Bembeke kaya ku Linthipe, tcherani khutu. Kuno n'kumapiri. Tawuni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo June ndi July akafika chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Pamenepo mtima umakuuza kuti tseka chitseko, tsekera nsanza m'mipata ya zenera, lowetsa mbaula kuchipinda. Musatero. Ndikubwerezanso, musatero.

Makala akamayaka m'chipinda chotseka amatulutsa mpweya wapoizoni wotchedwa carbon monoxide. Suoneka. Sununkha. Sutsokomoletsa. Umangolowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino, iwe n'kumamva tulo tokoma. Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Ine ndinalowetsapo mbaula ndili ndi mwana wakhanda, poopa kuti azizidwa. Ndinadzidzimuka pakati pa usiku mutu ukugunda, miyendo ili lende, ndikusanza. Pachitseko ndinafika chokwawa, mwana ali lefu m'manja. Tinapulumuka, koma ena sadzuka. Ndipo wina asakunamizeni kuti makala akafiira psuu, utsi n'kutha, ndiye kuti ngozi yatha. Poizoniyo amatulukabe. Mukamva mutu ndi chizungulire muli pafupi ndi mbaula, tsegulani chitseko, tulukani nonse, thamangirani kuchipatala.

Ameneyo ndi wakupha msanga. Palinso wina wopha pang'onopang'ono, ndipo ameneyu tinamuzolowera. Lowani m'khitchini mwa agogo anu, muyang'ane kudenga. Udzu uli bii, mwaye ukulendewera. Utsi umene unadetsa dengalo ndi womwewo umene unkadutsa m'chifuwa mwa wophika. Ine ndaphikira pamafuwa kuyambira utsikana wanga, m'kakhitchini kopanda zenera, nkhuni zake zauwisi, ndikuuzira moto misozi ili mbwembwembwe, mwana ali kumbuyo. Ndinkati ndi umayi umenewo. Mwanayo anadwala chibayo, nthiti zikulowa mkati akamapuma, ndipo ndalama yonse ya kachewere wa chaka chimenecho inathera pa matenda. Ineyo chifuwa sichinandichoke. Lero kachitunda kopita kutchalitchi ndimakwera mopumira, ndipo ulusi sindiuonanso pa singano. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni m'chaka cha 2020 chokha. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Gulani Chitetezo Mbaula. Ndi yadothi, siboola m'thumba, ndipo imadya nkhuni zochepa. Mu 2013 boma la Mayi Joyce Banda linalonjeza kuti mbaula zosunga nkhuni 2 miliyoni zikhale zitafika m'makomo pofika 2020, ndipo ine ndimati ganizo limenelo linali labwino, chifukwa mitengo ya ku Chongoni ndi m'phiri la Dedza sidzatipirira mpaka kalekale. Koma musaiyese mankhwala. Kafukufuku amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga anapeza kuti mbaula zamakono zochepetsa utsi, pazokha, sizinachepetse chibayo mwa ana aang'ono. Utsi uli ndi makomo ambiri. Phikirani panja kapena pakhonde kukacha bwino. Boolani zenera m'khitchini. Umitsani nkhuni chilimwe chisanathe. Mwana mum'tsitse kumbuyo, akasewere kutali ndi moto. Ndipo inu anyamata, lekani kuyatsira makala ndi majumbo. Fungo lakelo lokha likukuuzani kale.

Koloboyi m'siyeni. Kanyale ka sola kamawala bwino ndipo sikadetsa m'mphuno mwa mwana amene akuwerenga. Mankhwala opopera tomato ndi kachewere, feteleza, ndi matumba a chimanga chothira mankhwala a anankafumbwe, zonsezi si zogona nazo chipinda chimodzi, ngakhale muziopa akuba.

Ndikudziwa, muziti amayiwa akalamba, chisanu cha kuno sachimvanso. Ndimachimva kuposa inu. Othani moto madzulo chitseko chili chotsegula. Mwana mum'veke juzi, masokosi ndi chipewa. Mukagulitsa mbatata, bulangete lachiwiri likhale loyamba kugula. Tulo tikayamba kukubani, nyamulani mbaulayo muitulutse. Mbaula igone panja, ana anga.