Munthu akalephera kubweza ngongole: phunziro la taflees



Pa maphunziro a fiqh timakhalitsa pa twahara ndi swala, ndipo mpake. Koma m'mabuku omwewo muli khomo lina lomwe ambiri salifika, lotchedwa taflees. Limafotokoza zoyenera kuchitika munthu akakhala ndi ngongole zoposa katundu wake yense. Munthu wotere amatchedwa muflis, ndipo a zamalamulo a boma nkhaniyi amaitchula kuti bankruptcy. Kuno ku Thyolo khomo limeneli tikulisowa kwambiri.

Taonani mmene chaka chimayendera kwa wotchola tiyi, kaya ndi ku Satemwa, Makandi, Conforzi kapena Naming'omba. Masamba amachuluka mvula ikagwa, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo. Chilimwe chikafika masamba amachepa, ndipo ambiri olembedwa ntchito ya nyengo amapumitsidwa. Tsono fizi ya teremu yoyamba imafunika m'chilimwe momwemo, feteleza naye amafunika mvula isanagwe, pomwe chimanga cha pa kamunda kakang'ono chatha kale. Chaka cha 2023 chinawonjezera mavuto: mu Malichi Namondwe Freddy anakokolola minda ndi nyumba, mu Novembala kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Anthu ambiri amakongola chifukwa cha kasinthidwe ka nyengo kameneka, osati chifukwa chokonda zamanyado.

Pamenepo ndi pomwe wakatapila amadikira. Tiyerekeze kuti mayi atenga K20,000 pa mgwirizano wakuti mwezi ukatha abweze K30,000. Akalephera, theka limawerengedwanso pa K30,000 ija, n'kukhala K45,000. Mwezi wachitatu yafika K67,500. Ena amasunga khadi la ku banki kapena chiphaso cha unzika ngati chikole, ndipo tsiku la malipiro amayamba ndi iwo kutapa. Iyi ndi riba yeniyeni, yofanana ndi ya nthawi ya Jahiliyya pomwe ngongole inkakula nthawi iliyonse wokongola akapempha masiku ena.

Shariah imayamba ndi kusiyanitsa anthu awiri: amene ali nazo koma akuzengereza dala, ndi amene alibedi. Woyamba uja, Mtumiki (SAW) anatcha mchitidwe wake kuti ndi kupondereza, ndipo qadhi ali ndi mphamvu yomukakamiza. Wachiwiriyo, ndime 280 ya Sura Al-Baqarah ikulamula kuti apatsidwe nthawi mpaka atapeza bwino, n'kulimbikitsanso kumukhululukira ngati sadaka. Ndi lamulo kwa mwini ndalama, si pempho ayi.

Imam Muslim analandira nkhani ya munthu yemwe anagula zipatso zikadali m'munda, zipatsozo n'kuwonongeka, ngongole n'kumuchulukira. Mtumiki (SAW) anauza anthu kuti amusonkhere. Zosonkhazo sizinakwane. Ndiye anauza eni ngongole kuti atenge zomwe zapezekazo, palibe china choti amuumirize. Sanamumange, sanamugulitse ukapolo monga ankachitira anthu ena akale, sanakhudze ana ake. Nayenso Umar ibn Al-Khattab (RA) pa nkhani ya Usayfi wa fuko la Juhayna analengeza poyera kuti aliyense amene akumudai ndalama abwere, katundu wake agawidwe pakati pawo.

Kuchokera apa ma ulama anakonza ndondomeko. Qadhi amamuletsa muflis kugulitsa kapena kupatsa wina katundu wake, kuopa kuti angabise kwa achibale kapena kukondera mnzake mmodzi. Katunduyo amagulitsidwa pa mtengo woyenera, ndalama n'kugawidwa molingana ndi kukula kwa ngongole ya aliyense. Ngati munthu ali ndi ngongole za K60,000, K30,000 ndi K10,000, katundu wake n'kugulitsidwa K50,000, woyamba alandira K30,000, wachiwiri K15,000, wachitatu K5,000. Wamphamvu kapena wofika msanga salandira zoposa gawo lake. Yemwe wapeza katundu wake weniweni yemwe anamugulitsa pangongole akadali momwe analili, ali ndi ufulu womutenga. Zovala ndi chakudya cha banja zimasiyidwa. Pa nyumba pokha pali kusiyana: a madh-hab a Shafi, omwe ambiri kuno timatsata, amati igulitsidwe munthuyo achite lendi, pomwe a Hanbali amati isiyidwe. Kwa ine, poona kuti kuno kanyumba ka banja nthawi zambiri kamakhala pa malo a makolo omwe si a munthu mmodzi, ganizo la a Hanbali likuyenera kulingaliridwa mofatsa ndi ma sheikh athu.

Musaiwalenso kuti pa magulu asanu ndi atatu olandira zakaat otchulidwa mu ndime 60 ya Sura At-Tawbah, limodzi ndi la omira m'ngongole. M'misikiti yathu gulu limeneli silitchulidwa kawirikawiri, mwina chifukwa eni ake amachita manyazi kudziulula.

Nanga malamulo a dziko lino akuti chiyani? Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 likuletsa kuika munthu m'ndende chifukwa chongolephera kukwaniritsa mgwirizano. Choncho wokuopsezani kuti mugona ku polisi chifukwa cha ngongole wamba, popanda chinyengo chilichonse, akungodalira kuti simukudziwa. Lamulo la Loans Recovery Act limapatsa khoti mphamvu younikanso mgwirizano wa ngongole ndi kudula chiwongoladzanja chomwe chili chankhanza. Mabungwe obwereketsa ndalama ayenera kukhala ndi chilolezo potsata Microfinance Act ya 2010, ndipo amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi, komwe mungakadandaule. Kulanda katundu nako kuli ndi njira yake yodzera ku khoti, si nkhani ya anyamata obwera mamawa kudzanyamula malata ndi mbuzi.

Lamulo la Insolvency Act la 2016 ndilo lofanana kwambiri ndi taflees. High Court imagamula kuti munthu walephera, katundu amaperekedwa m'manja mwa woyang'anira, n'kugawidwa mwa dongosolo. Kusiyana kwake n'kwakuti lamulo la boma limadzamumasula munthu ku zotsala pakapita nthawi, pomwe ma ulama ambiri amati zotsalazo zimamudikira mpaka adzapeze kapena akhululukidwe. Msilamu womasulidwa ndi khoti akadzapeza bwino, abwezebe zomwe anatenga, kupatula riba. Kunena zoona, njira ya ku High Court ndi yotalika komanso yodula kwa wotchola tiyi. Zomwe angazifikire ndi khoti la majisitireti pa boma ndi thandizo la Legal Aid Bureau.

Koma qadhi ngakhale majisitireti sangathandize munthu wopanda umboni, ndipo wakatapila amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake kope limakhala kwa iye yekha. Ndime yaitali kuposa zonse mu Qur'an yolemekezeka, ya 282 mu Sura Al-Baqarah, ikunena za kulemberana ngongole pamaso pa mboni, ndipo ikuti wonena zoti zilembedwe akhale wokongolayo.

Apa ndi pomwe inu ophunzira mukubwera, chifukwa m'nyumba zambiri ndinu amene mumatha kulemba ndi kuwerengera. Pemphani makolo mwaulemu, osati mowafunsa ngati apolisi, kuti mulembe m'kope limodzi: tsiku lomwe ndalama inatengedwa, kuchuluka kwake, zomwe zabwezedwa ndi masiku ake, chikole chomwe chinaperekedwa, ndi omwe analipo. Mukawonkhetsa, mabanja ena adzapeza kuti anabweza kale kawiri zomwe anatenga. Zomwe mwalembazo ndi chinsinsi cha banja, sizobwera nazo ku sukulu.

A Fomu 3 ndi Fomu 4, Lolemba mubwere ndi yankho la funso ili: munthu ali ndi ngongole za K90,000, K45,000 ndi K15,000, katundu wake wagulitsidwa K60,000. Aliyense alandira zingati, ndipo zotsalazo zikhala bwanji pa Shariah komanso pa lamulo la 2016?

Wabillahi tawfiq.