Lole Ikamakukuta Mano Posintha Giya

Ife a ku Manja tikhala patsinde pa phiri la Soche, ndipo misewu yathu njodzala ndi zitunda. Tsiku ndi tsiku malole onyamula mchenga, njerwa ndi chimanga akwera zitundazi, ndipo kawirikawiri timamva kukukuta kwa zitsulo pamene woyendetsa alikusintha giya. Ambiri amangoseka, nati dalaivalayo ngwachilendo pa ntchito. Koma si masiku onse pamene cholakwa chili cha munthu. Phokosolo ndiko kubuula kwa lole yodwala, ndipo munthu wodekha angathe kupeza nthendayo asanatsitse bokosi la magiya.

Tiyambe tamvetsa za m'katimo. M'bokosi la magiya muli zitsulo zozungulira, za mano olumana. Chitsulo cha mano 20 chikamayendetsa china cha mano 40, chaching'onocho chizungulira kawiri kuti chachikulu chizungulire kamodzi. Liwiro lichepa ndi theka, koma mphamvu yozunguza matayala iwirikiza kawiri. Ndicho chifukwa chake lole ikwera chitunda ndi giya yotsika. Pakati pa injini ndi bokosilo pali kilatchi, imene ilekanitsa ziwirizi woyendetsa akaiponda.

Tsono mano sangalumane bwino ngati chitsulo china chithamanga koposa chinzake. Kale woyendetsa ankalinganiza liwirolo yekha poponda kilatchi kawiri. M'chaka cha 1928 kampani ya Cadillac ku America inayamba kuika m'magalimoto ake nzeru ya Earl Thompson yotchedwa synchromesh. Lero nzeruyi ili m'timphete, tambiri ta mkuwa, timene tigwira chitsulo ndi kulinganiza liwiro lake mano asanakumane.

Motero giya ikavuta, malo okayikitsa alipo anayi: kilatchi, oyilo, ndodo yosinthira magiya, ndi timphete tija. Lamulo lake ndi ili: yambani ndi chapafupi ndi chotchipa, tsirizani ndi chodula.

Choyamba, imikani lole pamalo osatsetsereka, mangani handibuleki, nimuike miyala kumatayala. Injini ili chizimire, pondani kilatchi ndi kulowetsa magiya onse, imodzi imodzi. Pambuyo pake lizani injini nimuyesenso. Ngati analowa bwino injini itazima, koma akana pamene ilikulira, dziwani kuti kilatchi siilekanitsa mokwanira. Mboni yachiwiri ndi giya yobwerera m'mbuyo, pakuti m'malole ambiri ilibe kamphete. Mukaponda kilatchi mpaka pansi, n'kudikira kamphindi, koma iyo n'kukukutabe, nthenda ndi yomweyo. Pamenepo yang'anani kabotolo ka mafuta a kilatchi. Ngati aphwera, penapake pakudontha, kawirikawiri pa zipangizo zimene amakaniko amati master cylinder ndi slave cylinder. Chopondera chikamamveka chofewa ngati siponji, m'mapaipi mwalowa mpweya, ndipo uyenera kutulutsidwa.

Chachiwiri ndi oyilo. Magiya akamalimba m'mamawa m'miyezi ya June ndi July, pamene chiperoni chakuta Blantyre, koma n'kufewa lole itayendako, ndiye kuti oyiloyo ngwolemera kwambiri kapena wakalamba. Pambali pa bokosi pali bowo lothirirapo. Mukalitsekula, oyilo ayenera kufika pakamwa pake. Taonaninso maonekedwe ake. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, walowa madzi. Zotere zigwera lole yoyenda m'madzi akuya, onga aja anasautsa dera lathu lino pa namondwe wa Freddy mu March 2023. Akamanyezimira ndi tizidutswa ta mkuwa, timphete tilikutha. Musathire oyilo aliyense amene mwampeza pamsika. Pachigubu pamalembedwa GL-4 kapena GL-5, ndipo mitundu ina ya GL-5 imadya mkuwa. Tsatani chimene buku la loleyo linena.

Chachitatu ndi ndodo. M'malole onga Canter ndi Dyna woyendetsa akhala pamwamba pa injini, ndipo bokosi lili kumbuyo kwake. Ndodo imalifikira kudzera m'zingwe zachitsulo kapena m'timipiringidzo tolumikizana. Timalabala ta m'mfundo zake tikatha, ndodo igwedera ngati dzino lofuna kuguluka, ndipo giya siifika pamalo pake. Injini itazima, mnzanu agwedeze ndodo inu mulikuyang'ana mfundozo; yothayo idzionetsa yokha. Kukonza kwake sikulira ndalama zambiri.

Chachinayi, ngati zonsezi zili bwino koma giya imodzi yokha ndiyo ikukuta, makamaka yachiwiri kapena yachitatu, kayikirani kamphete kake. Woyendetsa atsimikize poponda kawiri pamsewu wopanda chitunda. Aponde kilatchi, abweze ndodo pa nyutulo, achotse phazi. Ngati alikunka ku giya yotsika, aonjeze moto pang'ono. Kenaka apondenso nalowetse giyayo. Ikalowa mwakachetechete, phazi lake lagwira ntchito ya kamphete, ndipo wolakwa wapezeka. Apa tsono mpamene bokosi liyenera kutsitsidwa ndi makaniko wodziwa. Giya imene ituluka yokha lole ilikuyenda, nayonso ifuna makaniko tsiku lomwelo.

Kapena wina afunsa kuti, nanga zimenezi zitikhudza bwanji ife ana a sukulu? Taganizani za msewu wa M1 wotsika kunka ku Chikwawa. Lole yolemera itsika phiri lotere ndi giya yotsika, kuti injini ithandize mabuleki. Woyendetsa akatulutsa giya pakati pa chitsetse, inayo n'kukana kulowa, lole itsala pa nyutulo. Kulemera konse kugwera mabuleki, iwo natentha, nasiya kugwira. Pamwamba pa katunduyo nthawi zina pakhala anthu: amayi athu a geni, kapena abale opita kumaliro. Kanthenda kamene kakadatha ndi botolo limodzi la mafuta kangathe kusiya ana amasiye.

Chifukwa chake, anzanga, mukapita kutchuthi kauzeni atate, amalume ndi achimwene anu oyendetsa malole zinthu zitatu izi. Asankhe giya yotsika asanayambe chitsetse, osati pakati pake. Asasiye phazi pa kilatchi kapena dzanja pa ndodo pamene sakusintha giya, pakuti kutero kumatha zitsulo. Ndipo giya ikakana, asaikakamize ndi mphamvu, koma aime pamalo abwino nafufuze mwadongosolo. Akulu anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.