Kulowa ndi Kuphunzira Digiri ya MBA: Phunziro Lochokera ku Mapiri a Dedza

Mawu oyamba

Anthu ambiri amene ali pa ntchito m'boma, m'mabanki, m'mabungwe ndi m'makampani amalakalaka digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi, imene imadziwika ndi zilembo zitatu zoti MBA. Kwathu ku Dedza nako chilakolakochi chinafika. Aphunzitsi, alangizi a zaulimi, alembi a makopaletivi ndi ogwira ntchito ku khonsolo amafunsana za kumene angakaphunzire ndi kuchuluka kwa ndalama zimene angalipire. Koma funso limene silimveka kawirikawiri ndi ili: kodi munthu akalowa m'kalasi ya MBA amakaphunziramo chiyani, ndipo akatuluka amabwera nacho chiyani kwawo?

M'chimangirizo chino ndifotokoza kumene maphunzirowa amapezeka, zoyenereza munthu kuti aloledwe, ndi maphunziro enieniwo. Mfundo yanga ndi yakuti digiriyi imapindulira munthu amene walowa ali ndi vuto lenileni la pa ntchito yake loti akalithetse, ndipo umboni woti waphunziradi ndi wakuti athe kufotokoza zimene waphunzirazo m'chiyankhulo cha anthu amene akuwatumikira. Zitsanzo zanga ndizitenga ku malonda a mbatata ya kachewere, popeza ndiwo malonda amene ndakula ndikuwaona ku Bembeke ndi m'misika ya m'mbali mwa msewu wa M1.

Kumene maphunzirowa amapezeka

Digiri ya MBA inayambira ku Amereka, pa yunivesite ya Harvard, m'chaka cha 1908. Sukuluyi inatchuka ndi njira yophunzitsira imene yafala m'mayiko ambiri: ophunzira amapatsidwa nkhani ya kampani imene ili pa mavuto, amaiwerenga, kenaka amatsutsana m'kalasi za chimene akanachita iwo akanakhala oyendetsa kampaniyo.

Kuno ku Malawi, sukulu ya Polytechnic mu mzinda wa Blantyre inaphunzitsa digiriyi pamene inali nthambi ya yunivesite ya Malawi. M'chaka cha 2021 sukuluyi inaima payokha ndipo tsopano imatchedwa Malawi University of Business and Applied Sciences, mwachidule MUBAS. Palinso bungwe la ESAMI, limene likulu lake lili ku Arusha m'dziko la Tanzania, ndipo limaphunzitsa m'mayiko angapo a kuno kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi. Sukulu ya Malawi Institute of Management ya ku Kanengo, imene inaphunzitsa akuluakulu ambiri a m'boma ndi m'makampani, inaphatikizidwa ndi sukulu ya ku Mpemba m'chaka cha 2022 ndi kukhala Malawi School of Government. Mayunivesite ena omwe si aboma nawonso amaphunzitsa MBA, ndipo akunja ena amaphunzitsa kudzera pa intaneti.

Kuchuluka kwa masukuluku kukutanthauza kuti wofuna kuphunzira ayenera kusamala. Lamulo la m'chaka cha 2011 linakhazikitsa bungwe la National Council for Higher Education, kapena kuti NCHE, limene limalembetsa ndi kuvomereza masukulu a ukachenjede ndi maphunziro awo. Munthu asanalipire ngakhale tambala imodzi, afunse ngati sukuluyo ndi digiriyo zili zovomerezeka. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kukhala zaka ziwiri ukuvutika ndi mabuku kenaka n'kumva kuti pepala lako abwana sakulidziwa, ndi tsoka lotheka kulipewa.

Zoyenereza kuti munthu aloledwe

Sukulu iliyonse ili ndi malamulo ake, koma zofunika zikuluzikulu zimafanana. Choyamba ndi digiri yoyamba yochokera ku sukulu yovomerezeka. Anthu ambiri amaganiza kuti digiriyo iyenera kukhala ya zamalonda, koma si choncho. Amene anaphunzira zaulimi ku Bunda, zauphunzitsi ku Domasi kapena ziyankhulo ku Zomba akhoza kupempha malo, chifukwa MBA inapangidwira anthu a ntchito zosiyanasiyana amene afika pa udindo woyang'anira anthu ndi chuma.

Chachiwiri ndi zaka zimene munthu wagwira ntchito. Masukulu ambiri amafuna zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo amene amaphunzitsa mabwana okhaokha amafuna zoposa pamenepo. Achinyamata amene angotsiriza kumene digiri yoyamba amadandaula ndi lamuloli, poganiza kuti ndi njira yowatsekera khomo. Ine ndimaliona mwina. M'kalasi imene phunziro lake ndi kutsutsana pa mavuto a kampani, munthu amene sanayambe walipirapo antchito mochedwa, kapena kuyankhapo mafunso a anthu okwiya pa msonkhano wa pachaka, amangokhala mlendo womvetsera. Mlembi wa kopaletivi amene wasunga mabuku a alimi kwa zaka zisanu amalowa ali ndi katundu wambiri m'mutu, ngakhale Chingerezi chake chitakhala chosathamanga.

Chachitatu ndi mapepala. Wopempha malo amatumiza setifiketi yake, chikalata chosonyeza mmene anakhozera phunziro lililonse, mbiri ya ntchito zimene wagwira, ndi makalata a anthu awiri kapena atatu omuikira umboni. Kawirikawiri amafunsidwanso kulemba kalata yofotokoza chifukwa chimene akufunira digiriyi. Apa ndi pamene ambiri amapunthwa, chifukwa amalemba mawu okoma opanda kanthu, monga akuti akufuna kutukula dziko. Kalata yabwino imatchula vuto. Mwachitsanzo, munthu akhoza kulemba kuti gulu lake limagulitsa mbatata yambiri chaka ndi chaka koma ndalama za m'banki sizikula, ndipo akufuna kudziwa pamene pakudontha. Masukulu ena amaitana wopemphayo kuti akayankhe mafunso pamaso pa aphunzitsi, ndipo ambiri akunja amafuna mayeso a GMAT pamodzi ndi mayeso a Chingerezi monga IELTS kapena TOEFL.

Pali choyenereza china chimene sichilembedwa pa fomu, ndicho nthawi ndi mphamvu. Maphunzirowa amatenga pafupifupi zaka ziwiri, ndipo popeza ophunzira ambiri ali pa ntchito, makalasi amachitika madzulo, kumathero a sabata, kapena kwa masiku angapo otsatizana. Tawuni ya Dedza ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 85 kuchokera ku Lilongwe ndi oposa 200 kuchokera ku Blantyre. Choncho pa fizi munthu awonjezerepo thiransipoti, malo ogona, mabuku ndi intaneti. Walira mvula walira matope. Ndi bwino kukambirana ndi banja ndi abwana a kuntchito fomu isanatumizidwe.

Maphunziro enieni

Gawo loyamba la MBA limakhala la maphunziro amene aliyense ayenera kutenga: kusunga mabuku a ndalama, kayendetsedwe ka chuma cha kampani, kutsatsa ndi kugulitsa malonda, kuyang'anira antchito, kayendetsedwe ka ntchito za tsiku ndi tsiku, chuma cha dziko, masamu a bizinesi, ndi kukonza dongosolo la mtsogolo mwa kampani. Gawo lachiwiri limakhala la maphunziro osankha ndi kafukufuku. Mayina amenewa akhoza kuopsa, choncho ndipereka chitsanzo chimodzi chosonyeza mmene amalumikizirana. Manambala amene ndigwiritse ntchito ndi ongoyerekeza, si mitengo ya pamsika.

Tiyerekeze kuti kopaletivi ina ya ku Bembeke imagula thumba la mbatata kwa mlimi pa K60,000, ndipo kunyamula thumbalo kufika nalo ku Lilongwe kumadya K10,000. Ikagulitsa pa K85,000, pa thumba lililonse pamatsala K15,000. Koma kopaletiviyo ili ndi zolipira zimene sizisintha, kaya yagulitsa kapena ayi: lendi ya nyumba yosungiramo katundu, malipiro a mlonda ndi a mlembi, zonse pamodzi K600,000 pa mwezi. Phunziro la mabuku a ndalama limafunsa kuti: kodi igulitse matumba angati kuti isaluze? Tikagawa K600,000 ndi K15,000 tipeza matumba 40. Thumba la nambala 41 ndilo loyamba kubweretsa phindu.

Tsopano phunziro la kayendetsedwe ka ntchito limalowererapo. Mbatata si chimanga. Imachedwa pang'ono, yawola. Tinene kuti pa matumba khumi alionse, limodzi limaonongeka panjira kapena m'nyumba yosungira. Matumba khumi adya K700,000, koma ogulitsidwa ndi asanu ndi anayi okha, amene abweretsa K765,000. Zotsala ndi K65,000 pa matumba khumi, kutanthauza K6,500 pa thumba. Kuti kopaletivi ikwanitse K600,000 ija, iyenera tsopano kugula ndi kunyamula matumba 93. Thumba limodzi lowola pa khumi lachititsa kuti ntchito ichuluke koposa kawiri. Wophunzira amene wamvetsa masamuwa sathamangira kukasaka msika watsopano. Amayamba wafunsa za kasankhidwe ka mbatata pogula, kapakiridwe kake m'galimoto, ndi mpweya wa m'nyumba yosungira.

Phunziro la kayendetsedwe ka chuma limawonjezera funso lachitatu. Tinene kuti m'mwezi wina kopaletivi yagula matumba 100. Papepala yapeza phindu la K50,000. Koma sitolo yaikulu imene yagula mbatatayo ilipira pakatha masiku 30, pamene alimi ndi mwini galimoto akufuna ndalama zawo tsiku lomwelo, zokwana K7,000,000. Ngati kopaletivi ikongola ndalamazi pa chiwongoladzanja cha K3 pa K100 iliyonse pa mwezi, ilipira K210,000, ndipo kaphindu kaja kathera pomwepo, n'kutsalanso ngongole. Apa wophunzira amazindikira kuti phindu la m'buku ndi ndalama ya m'manja ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kuti bizinesi ikhoza kugwa mabuku ake akuonetsa phindu.

Maphunziro enawo nawo ali ndi malo awo m'nkhani yomweyi. La chuma cha dziko limafotokoza chifukwa chimene feteleza ndi mankhwala a chiwawu zinakwerera mtengo pamene Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, komanso mmene mbatata yochokera ku Angónia, kutsidya kwa malire ndi Mozambique, imakhudzira mitengo ya kuno. La kutsatsa malonda limafunsa ngati wokazinga tchipisi ndi mayi wogulira banja lake amafuna mbatata yofanana. La kuyang'anira antchito limakhudza nkhani yovuta kwambiri kwathu kuno, ya mmene ungadzudzulire msungichuma amene ndi malume ako. Ntchito zambiri za m'kalasi zimachitika m'magulu, ndipo izi zimaphunzitsa munthu kugwira ntchito ndi anzake amene sanawasankhe yekha.

Kafukufuku ndi nkhani ya chiyankhulo

Kumapeto kwa maphunziro wophunzira amachita kafukufuku ndi kulemba lipoti lalitali moyang'aniridwa ndi mphunzitsi. Uwu ndi mwayi wobwerera ku vuto limene analitchula m'kalata yopemphera malo ija. Kwa ife ophunzira ziyankhulo, pano ndi pamene nkhani ya MBA imatikhudza mwachindunji. Maphunziro onse amachitika m'Chingerezi, lipoti limalembedwa m'Chingerezi, koma alimi amene akufunsidwa mafunso amayankha m'Chichewa.

Taonani mawu oti phindu. Mlimi akati wapeza phindu, nthawi zina amatanthauza ndalama zonse zimene wabwera nazo kumsika, nthawi zina zotsala atachotsa za feteleza, koma osawerengera thukuta lake ndi la ana ake. Chingerezi cha m'kalasi chili ndi mawu osiyanasiyana pa zinthu zimenezi. Chimodzimodzinso mawu oti mpamba amaimira ndalama yoyambira geni, ndalama yoyendetsera geniyo tsiku ndi tsiku, ndiponso gawo la mwini bizinesi. Wofufuza akangomasulira mafunso ake liwu ndi liwu, amatolera mayankho a funso limene sanafunse, ndipo manambala ake onse amakhala opotoka.

Izi sizikutanthauza kuti Chichewa n'chosauka. Amayi a banki m'khonde amasiyanitsa bwino masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja, ndipo aliyense amadziwa kuopsa kwa katapila ndi tanthauzo la chikole. Chofunika ndi chakuti wophunzira akhale pansi ndi anthu, amve mawu amene iwo amagwiritsa ntchito, ndipo pamene liwu limodzi likusenza matanthauzo awiri, afotokoze ndi chiganizo chathunthu. Ntchito imeneyi ndi yofunika kuti a zamalonda ndi a ziyankhulo aigwirire limodzi, monga mmene Centre for Language Studies ya ku Zomba, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1996, yakhala ikuchitira pa nkhani ya matanthauzo a mawu.

Mawu omaliza

Ndafotokoza kuti wofuna digiri ya MBA ayenera kusankha sukulu yovomerezeka, kukhala ndi digiri yoyamba ndi zaka zingapo za ntchito, kulemba kalata yotchula vuto lenileni, ndi kuwerengera bwino nthawi ndi ndalama. Ndasonyezanso kuti maphunziro ake, ngakhale ali ndi mayina ovuta, amayankha mafunso amene wogulitsa mbatata amakumana nawo nyengo iliyonse. Kwa mnzanga wa ku Dedza amene akulingalira zopempha malo, langizo langa ndi lakuti adzifunse mafunso awiri. Loyamba alifunse asanalowe: ndi vuto liti la pa ntchito yanga limene ndikupita nalo? Lachiwiri alifunse atatsiriza: kodi ndingathe kuimirira pa msonkhano wa alimi ndi kuwafotokozera m'Chichewa chomveka chifukwa chimene thumba limodzi lowola likuwadyera phindu la mwezi wonse? Ngati alimiwo amva ndi kusintha kachitidwe kawo, ndiye kuti fizi ija sinapite pachabe.